Pang'onopang'ono ndi Mtolo

Mayi wotola nkhuni sapeza mtolo uli chimangire. Amatola kamtengo apa, kena apo, mpaka luzi lisowe pogwira. Umo ndi momwe mwambiwu unabadwira, koma ambiri timaiwala kuti ndalama imathanso motero, kakang'onokang'ono.

Tapitani pa msika wa Mitundu mwezi wa Meyi. Chimanga chimabwera pa njinga ndi pangolo, mavenda atatchera masikelo awo. Munthu agulitsa ndowa imodzi kuti agule sopo, mawa ina ya mayunitsi. Pofika Januwale nkhokwe yayera, ndipo yemwe uja wayamba kugula kaufa ka m'pepala ka tsiku limodzi, pamtengo woboola m'thumba. Zimenezi zimandiwawa, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene mafuta ophikira ndi shuga zinasanduka za apo ndi apo.

Azakhali anga ku Nathenje samagula ndiwo m'chilimwe. Nthawi ya dzinja amafutsa nkhwani ndi khwanya, n'kusunga m'chikwatu pamwamba pa moto. Mafuta akasowa, nsinjiro zilipo. Mtedza ndi wa m'munda mwawo. Amaphikira pa chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, ndiye nkhuni zochepa zimapsetsa nyemba, osadikira makala a ku Dzalanyama.

Kandalama kotsalako amakaponya ku banki mkhonde sabata iliyonse. Pogawana mu Disembala, iwo amagula feteleza wobereketsa asanaganize za chitenje cha Khirisimasi.