Mtolankhani wa ku komboni

Anthu a m'makomboni a m'mafamu a ku Mashonaland, ku Zimbabwe, tinkakonda masewero a pa kanema. Komwe kunali magetsi, kapena batire ya thirakitala, tinkadzazana m'nyumba imodzi, ana pansi, akulu pa mabenchi, kudikira Mukadota, Paraffin, ndipo pambuyo pake Gringo wa malemu Lazarus Boora. Gringo ankatifika pamtima chifukwa anali wantchito wa pakhomo pa munthu, wodziwa kuyankha abwana mokhotakhota. Koma m'masewero ena a nthawi imeneyo munkatulukira munthu wina, mlonda kapena wophika, womutcha Achimwene, wolankhula Chishona chopotoka. Ntchito yake inali kulakwitsa mawu basi. Kwawo sankakutchula, mkazi analibe, maliro sankamugwera. Nafenso tinkaseka, poti ankalankhula ngati agogo athu, koma kunali kuseka kwa pakamwa pokha.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganizira sewero lina, la mtolankhani wobadwira ku komboni. Ndimamuona ali mtsikana, kope m'manja, njinga yobwereka, akuyenda famu ndi famu pakati pa Bindura ndi Shamva. Zoseketsa sizikanasowa. Pali kapitawo amene akufuna dzina lake lituluke m'nyuzi koma osati nkhani ya ngongole yake ya ku sitolo. Pali mpira wa Lamulungu, famu iyi ndi iyo, wothera pa mkangano wa chigoli. Pali akulu a ku dambwe okana kwamtuwagalu kuti gule ajambulidwe. Zolira nazo zikanakhalamo zambiri: mayi wosankha fodya m'chigafa mwana ali kumbuyo, mkulu amene anabwera pa lole ya Ulere, yonyamula ofuna ntchito, ali mnyamata ndipo tsopano akumwalira asanaonenso Dedza, abale akukangana ngati amuike pa famu pomwepo kapena ayi. Mtsikanayo akanamufunsa mkuluyo dzina la mudzi wake ndi la mfumu yake, nalemba. Zimenezi n'zomwe zimandikhudza kwambiri, kuti pakhale munthu wofunsa ndi kulemba.

Pomafika chaka cha 2000, m'mafamu akuluakulu a ku Zimbabwe munali antchito oposa 300,000, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kulanda mafamu kutayamba, makamera anabwera ochuluka. Ena ankajambula mwini famu akulongedza katundu, ena ankajambula olandira malo akuimba. Wantchito ankaoneka chapatali, ataima pafupi ndi balani, ndipo wowerenga nkhani ankangotchula chiwerengero cha ochotsedwa ntchito. Bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ linayesetsa kulankhula, koma mawu ake sankafika patali. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira ku Mvurwi ndi ku Banket, oti Blantyre anangomumva pakamwa pa agogo, anapezeka kuti ndi alendo, chitupa chawo chili ndi chilembo cha A. Nkhani yotere inkafunika munthu woti akhale pansi pa mphasa ndi kumva tsiku lonse.

Ngakhale sewero langalo likanapangidwa, sindikhulupirira kuti likanakhalitsa. Zaka zimenezo zinthu zambiri za nkhani zinali zosakhalitsa. Joy TV, yomwe inkaoneka m'madera ozungulira Harare, inayamba mu 1998 n'kutsekedwa mu 2002. Nyuzi ya Daily News makina ake osindikizira anaphulitsidwa mu 2001, ndipo mu 2003 inatsekedwa. Komabe ndimati likanangoonetsedwa milungu yowerengeka, likanakwanira. Mwana wa ku komboni akanaona munthu wolankhula ngati amayi ake ali wofunsa mafunso, anthu akumuyankha mwaulemu, ndipo zotere mwana saiwala.

Atolankhani athu enieni anali oimba. Nicholas Zakaria, mwana wa ku Mazowe, ndi Alick Macheso wa ku Shamva, anakulira m'moyo womwewu, ndipo ataimba m'Chichewa dziko lonse linavina, ngakhale amene ankatitcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre. Anthu ankamva chinenero chathu chili pa ntchito yake, chikulangiza, chikudandaula, popanda wochinyoza. Wailesi ya National FM nayo imaulutsa m'Chichewa, ndipo malamulo a dziko a 2013 anachiika pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, nabwezeranso unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a m'chigawo chino cha kum'mwera kwa Africa. Izi ndimaziyamikira ndi mtima wonse. Koma lamulo silifotokoza komwe banja la uje linapita famu itagawidwa, amene analowa m'migodi ya golide, amene anatsala m'nyumba zakale za komboni akugwira ganyu kwa eni malo atsopano.

Lero kamera ili m'thumba la mwana aliyense amene ali ndi foni. Inu achinyamata a ku Concession, ku Karoi, ku Trelawney, agogo amene anawoloka Zambezi atsala ochepa. Pitani mukakhale nawo pansi, muwafunse za ulendo wawo, za mudzi wawo, za mafamu onse omwe anagwirako ntchito, ndipo muwajambule akulankhula m'chinenero chawo.