Mangawa a Makoma Akale a ku Bandawe

Nyumba ya sukulu ikakalamba, denga nkuyamba kudontha, chiswe nkulowa m'mitanda, anthu a pa mudzi amagawikana pawiri. Ena amati igwe, pakuti zakale zidapita. Ena amati iyai, ikonzedwe ndi manja a eni mudzi. Mlandu umenewu si wa amisiri okha, koma ndi wa mtima wa munthu aliyense. Kodi munthu ali ndi mangawa pa nyumba imene sadaimange iye, imene omanga ake adagona kale m'manda?

Ku Bandawe, m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Chintheche, funso limeneli nlolemera ndithu. Amisyoni a ku Scotland adayamba ntchito yao ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, koma malungo adawasautsa kwambiri, ndipo m'chaka cha 1881 Dr Robert Laws adasamutsira misyoni ku Bandawe. Atonga, amene masiku amenewo ankakhala m'malinga chifukwa cha nkhondo za Angoni, adawalandira alendowo, ndipo ana ao adakhamukira ku sukulu. M'chaka cha 1894 Dr Laws adakakhazika likulu ku Khondowe, kumene tsopano ndi Livingstonia, koma sukulu za ku Bandawe ndi za m'midzi yozungulira zidapitirirabe. Tchalitchi chakale cha njerwa ndi manda a amisyoni zikuchitirabe umboni zaka zimenezo.

Zipatso zake zidaoneka kutali. M'dera lomweli mudachokera Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda a Livingstonia, amene adadzozedwa m'chaka cha 1914. Ku Chifira kudabadwa Clements Kadalie, amene m'chaka cha 1919 adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town. Ndipo Atonga ambirimbiri adapeza ntchito za ukalaliki ndi ukapitao ku Rhodesia ndi ku Joni chifukwa cha kudziwa kulemba ndi kuwerenga. Zonsezo zidayambira pa sileti, m'nyumba zimene anthu wamba adaumbira njerwa, kutemera mitengo ndi kumwetera udzu.

Tsono mangawa alipo. Lamulo lachinayi la Mulungu, lolemekeza makolo, silithera pa bambo ndi mai obala okha. Limafikanso kwa onse amene adakhetsa thukuta kuti mbadwo wa m'tsogolo usakhale mu mdima. Koma akufa sangalandire malipiro. Chifukwa chake mangawa a kwa makolo amabwezedwa kwa ana. Wokonza sukulu yakale amathokoza agogo ake pakutsekulira adzukulu ake chitseko.

Wina anganene kuti: "Dziko nlosauka. Boma litachotsa fizi ya pulaimale m'chaka cha 1994, ana oposa miliyoni imodzi adaonjezekera m'sukulu, ndipo ambiri adayamba kuphunzirira pansi pa mitengo. Bwanji kutayira mphamvu pa makoma akale?" Mau amenewa ngoona mbali imodzi, ndipo ayenera kulemekezedwa. Nyumba yokonzedwa kuti alendo aziijambula, ana ali pa dzuwa, ndi manda opakidwa njereza chabe. Koma makoma olimba amene aimirira kale ndi chuma: njerwa zake zidaotchedwa kale, nkhuni zake zidalipiridwa ndi anthu ena. Kuikapo mitanda ndi malata atsopano kuti mukhale kalasi, kapena mosungira mabuku, kapena mophunzirira akulu madzulo, ndiko kusunga mbiri ndi kuthandiza ana pa ntchito imodzi. Pokhapokha pamene mmisiri waona kuti khoma lingagwere ana, moyo wa mwana uyenera kupambana chikumbutso.

Mkatolika angafunsenso kuti: "Bandawe ndi wa Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, nanga zikundikhudza bwanji?" Komatu kuwerenga kulibe mpingo. M'mbali mwa nyanja muno mabanja adakwatirana, ndipo mwana wa m'banja la Chikatolika kawirikawiri ali ndi gogo amene adaphunzira zilembo pa sukulu ya Chipresbiteria. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1964, udalimbikitsa Akatolika kugwirizana ndi Akristu anzao pa ntchito zokomera anthu onse. Eni nyumba ndiwo oyenera kutsogolera ndi kulamula. Mnansi udindo wake ndi kubwera ndi khasu lake akaitanidwa. Mutu umodzi susenza denga.

Chatsala ndi chinthu chimodzi chimene chingaononge zonse. Kale mau akuti thangata ankatanthauza kuthandizana kwa anansi pa munda kapena pa nyumba. Pa minda ya Azungu ya ku Thyolo ndi ku Chiradzulu mau omwewo adasanduka ntchito yokakamiza, imene idali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe m'chaka cha 1915. Nchifukwa chake mpaka lero anthu ena akamva za ntchito yopanda malipiro amakwinya nkhope. Saali olakwa konse. Ntchito ya chitukuko imene imayenda ndi ziopsezo, kulanda nkhuku za osabwera, kapena kutuma osauka kukasenza mchenga pamene olemera akuonerera, yataya kale ubwino wake, ngakhale denga litanyezimira chotani. Mangawa a chiyamiko sangatoleredwe ngati msonkho; munthu amawabweza mwa kufuna kwake, apo ai sadabweze kanthu.

Nchifukwa chake akatekisti ndi akulu a mpingo, akamva kuti sukulu yakale ya kwao ifuna manja, achite zinthu mwa dongosolo. Ayambe afotokozera anthu mbiri ya nyumbayo, adaimanga ndani, ndi amene adaphunziramo. Ndalama zonse zosonkhedwa ziwerengedwe poyera. Aliyense apatsidwe ntchito yolingana ndi mphamvu zake: mnyamata aponde dothi, mmisiri ayale njerwa, msodzi apereke usipa wa ndiwo za antchito, nkhalamba ikhale pa mthunzi nkumauza ana maina a aphunzitsi akale. Ndipo mai wamasiye wobwera ndi mtsuko umodzi wa madzi alembedwe m'buku limodzi ndi wogula malata.