Za Alumali ya Mabuku a Mwana

Paulo mtumwi ali m'ndende analembera Timoteo kuti amtengere copfunda cimene anacisiya ku Trowa, ndi mabuku omwe (2 Timoteo 4:13). Munthu woyembekezera imfa anakumbukirabe mabuku ace. Nanga ife? Tigulitsa nkhuku kapena mtedza kuti mwana akhale ndi buku, ndipo madzulo buku lomwelo ligona pansi pa mphasa, kapena litsomekedwa kudenga kumene mvula idontha. Ciswe sicidziwa kuwerenga, koma citha Uthenga wonse wa Marko masiku owerengeka.

Cifukwa cace timpangire mwana alumali, ndipo ikhale yolimba. Matabwa akhale ouma, pakuti aawisi apindika ndi kung'aluka pouma, misomali nigwedezeka. Mlombwa ndiwo wabwino, ciswe siciukonda, koma wasowa masiku ano. Amene ali ndi paini yekha asataye mtima; angoimika miyendo ya alumali pa miyala yosalala, isakhudze dothi.

Pali cinthu cimene ambiri a ife siticidziwa. Mabuku alemera koposa maonekedwe ao. Thabwa locindikala inchesi imodzi lisapitirire mainchesi 30 popanda colicirikiza. Tikalitalikitsa kawiri ndi kulidzaza mabuku, silipindika kawiri iai, koma ka 16! Mmisiri waulesi angokhoma misomali m'mbali, ndipo katundu yense alendewera pa misomali iwiri. Mmisiri woona ayamba wasema mpata m'thabwa loimirira, nalowetsamo mutu wa thabwa logona, kuti mtengo usenze mtengo unzace; kumbuyo akhoma thabwa lopingasa, kucokera ku ngondya ya pamwamba kufikira ku ya pansi, kuti alumali isapendeke. Nchito yotere siioneka alumali itadzala mabuku, ndipo wogula sakonda kuilipira. Koma Ambuye wathu, amene a ku Nazarete anamdziwa monga mmisiri wa mitengo, aiona.

Ndipo timvetse ici. Pa Deuteronomo 22:8 Mose analamula womanga nyumba yatsopano kuti acinge tsindwi lace, kuti munthu angagwe, mlandu wa mwazi nukhala pa nyumbayo. Aisrayeli anali kuyenda pa matsindwi ao. Ana athu akwera pa cinthu ciri conse. Kwa mwana wa zaka 3 alumali ndiyo makwerero, ndipo ikapanda kumangika imgwera pamodzi ndi katundu wace yense. Sitidzatha kunena kuti linali tsoka, popeza tinadziwiratu. Tiimangirire pamwamba pace kukhoma: la njerwa ndi kacitsulo ndi misomali yaitali, la mitengo ndi waya wokulunga pa mzati.

Mabuku olemera, monga Buku Lopatulika, akhale pa thabwa la pansi, opepuka pamwamba. Ndipo amene mwana awawerenga tsiku ndi tsiku akhale pamene dzanja lace lifika ali ciimire, asasowe kukwera, kapena kudikira atate abwere kumunda.