Kavalo Wodzivulaza Yekha

Ife a ku Mpingwe, amene kavalo timamdziwa m'Malembo koposa m'maso, pakuti kashembe sanalole kuti nyamayi ichuluke m'dziko lino, tingazizwe kumva kuti alipo akavalo odzivulaza okha poyenda. Kavalo wobadwa ndi miyendo yoyandikana, kapena ziboda zoloza kunja, akanyamula phazi limakhotera m'kati nkukhula kakolo wa mwendo winawo. Poyamba ubweya umangothothoka, pambuyo pake khungu limang'ambika, ndipo pa ulendo wautali, minofu ikalema, kugundako kumanka kuchuluka kufikira mwazi utatuluka. Amene anayendapo pansi kuchokera ku Bangwe mpaka ku msika wa Limbe m'dzinja akudziwa matope amene nsapato imapaka m'kati mwa mwendo wa buluku munthu akatopa.

Nanga mlandu wa balali ukhale pa yani? Kavalo sanasankhe mafupa ake, ndipo ine sindingalimbe mtima kunena kuti Namalenga analakwitsa poumba. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo oweta amavomereza, chifukwa mwana wa kavalo, pa miyezi yake yoyamba mafupa akali anthete, miyendo yake imatha kuwongoka ndi kasemedwe ka ziboda. Koma akakula, wofuna kuiwongola mokakamiza amangopotola mfundo za mafupa nkumpundula. Mmisiri wanzeru amasema chiboda kuti chiponde mofanana, amasalaza m'mphepete mwa nsapato yachitsulo, ndipo wokwera amamveka kakolo chotetezera, nachepetsa liwiro akaona kuti nyama yalema.

Apa mpamene mtima wanga umawawa ndikaona mmene timachitira m'mipingo mwathu. Chofooka chilichonse chobadwa nacho, kaya chibwibwi, kaya mutu wogwira mochedwa m'kalasi, timafulumira kuchitcha temberero, nkumkweza mwana kuphiri kukasala kudya kuti chichoke, m'malo mophunzira mayendedwe ake ndi kumpimira katundu amene angasenze. Komatu Yakobo anachoka pa Penieli akutsimphina, ndipo dzina la Israyeli analilandira usiku womwewo umene ntchafu yake inaguluka. Kwa mwana monga kwa kavalo, wogwira zingwe ndiye adzafunsidwa, chifukwa ndiye amadziwa kutalika kwa njira.

Phunziro lomweli tikulipeza ku California, kumene kuli mpikisano wa akavalo wotchedwa Tevis Cup, umene unayamba m'chaka cha 1955, wa mamailosi 100 odutsa m'mapiri a Sierra Nevada, oyenera kutha m'maola 24. M'njira monse madokotala a ziweto amaimitsa akavalo, kumvetsera mtima ndi kuwathamangitsa pang'ono kuti aone kapondedwe, ndipo wotsimphina amachotsedwa ngakhale akhale patsogolo pa onse. Kuwonjezera pa chikho cha wofika woyamba, kuli chinanso, Haggin Cup, chimene amapereka kwa wokwera amene kavalo wake, mwa khumi oyamba kufika, wapezeka wathanzi koposa anzake atamuyeza m'mawa mwake.