Ngongole ya Mtchona

Mawu akuti mtchona ndi akale m'chiyankhulo chathu, ndipo makolo amawatchula motsitsa mawu monga atchulira matenda oopsa. Mtchona ndi munthu amene adachoka kwawo kukasaka chuma kunja kwa dziko, osabwereranso, osatumiza ngakhale uthenga. Sadamwalire ayi, koma kwa amene adawasiya sali moyonso. M'nkhani ino ndifuna kuti tisinkhesinkhe limodzi funso ili: kodi munthu amene wapita kutali nakapeza chikondi china kumeneko walakwa? Ndipo ngati walakwa, kulakwa kwakeko kwagona pati makamaka?

Chidandiutsira funsoli ndi filimu ya ku Hong Kong. Ambiri a ife mafilimu a kumeneko timawadziwa chifukwa cha makofi ndi mateche a Bruce Lee ndi Jackie Chan, amene tidakula tikuwaonera m'tinyumba ta vidiyo. Komatu anthu omwewo adapanganso mafilimu achikondi m'chiyankhulo chawo cha Cantonese, onena za anzawo okhala kudziko lachilendo. Ina ndi An Autumn's Tale ya 1987, ya mayi Mabel Cheung, momwe mtsikana asonkhanitsa ndalama nalondola bwenzi lake ku New York, n'kukapeza kuti mnzakeyo ali ndi wina. Koma imene yandikhala pamtima ndi Comrades: Almost a Love Story ya 1996, ya bambo Peter Chan, yomwe idapata mphoto 9 pa mpikisano wa mafilimu a ku Hong Kong.

Nkhani yake njotere. Mu 1986 mnyamata wotchedwa Li Xiaojun atsika sitima ku Hong Kong kuchokera ku China. Cholinga chake n'chimodzi: apeze ndalama kuti akwatire Xiaoting, bwenzi lake limene walisiya kwawo. Agwira ganyu yoperekera nkhuku panjinga, ndipo madzulo alembera bwenzi lakelo makalata. Tsiku lina akumana ndi Li Qiao, mtsikana wochangamuka wogwira ntchito ku McDonald's, amenenso ndi mlendo mumzindawo ngakhale amabisa. Awiriwa ayamba ngati abwenzi wamba othandizana pa umphawi, koma kusungulumwa kuwagwetsa m'chikondi. Xiaojun aitanitsabe Xiaoting namukwatira, chikhalirecho mtima uli kwina. Potsiriza amuululira mkazi wakeyo zoona, banja n'kutha. Patapita zaka, mu 1995, Xiaojun ndi Li Qiao akumana mwangozi ku New York, ataima pawindo la sitolo pomwe wailesi yakanema ikulengeza imfa ya Teresa Teng, woimba amene onse awiri ankamukonda.

Woonera amapuma mokhutira kuti okondana apezana. Koma ine, mwana wa m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, maganizo anga amatsalira pa Xiaoting, amene filimu imamusiya panjira osatiuza kuti misozi yake adaipukutira kuti. Chifukwa chake n'chakuti kuno kwathu ndi dziko la otsala. Kuyambira ku Linga mpaka ku Chia, ku Dwangwa mpaka ku Benga, n'kovuta kupeza mudzi wopanda mayi amene akudikira munthu.

Gombe lathuli lidazolowera kutsanzika. M'zaka za m'ma 1800 zombo za Jumbe zinkanyamula akapolo pano kuwolokera tsidya la nyanja, ulendo wa ku Kilwa, ndipo amenewo sadabwerere. Ukapolo utatha, msonkho wa atsamunda udayamba kutulutsa amuna m'midzi. Ena adayenda pansi kunka ku Harare, ena adalembedwa ndi Mthandizi kukalima m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ena adatengedwa ndi Wenela kukakumba golide ku Joni. Mu 1935 boma la atsamunda lidakhazikitsa komiti yofufuza za anthu opita kunja, ndipo idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa Nyasaland. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi a m'migodi ya ku South Africa yokha adaposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, imene timaitcha Theba, nidzatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi.

Theba idatha koma ulendo sudathe. Lero achinyamata athu amakwera basi kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kukagwira ntchito m'masitolo, m'nyumba za anthu ndi m'minda ya maluwa ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Ambiri mapepala awo amatha ali komweko, nayamba moyo wozemba apolisi poopa kutsekeredwa ku Lindela. Mu 2008 komanso mu 2015 eni dziko adaukira alendo, ndipo boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Munthu wokhala m'moyo wotere amagona tulo ta kalulu.

Tsono tisafulumire kuweruza. Wokhala pakhonde la kwawo, nsima ya kondowole ndi chambo zili pamphasa, sangadziwe kuzizira kwa kachipinda ka malata m'mwezi wa Juni ku Joni, munthu akudwala popanda womupatsa madzi. Agogo athu a m'migodi ankasungidwa m'makomboni a amuna okhaokha, ndipo lamulo silinkalola kuti mkazi alondole mwamuna wake. Amene adakonza dongosolo limenelo ndiwo adayamba kupasula mabanja, osati mnyamata wa ku Kasamba amene ankangofuna ndalama ya msonkho ndi njinga. Ndiponso sindivomereza zoti chikondi chobadwira kuchilendo ndi chabodza nthawi zonse. Anthu awiri amene agawana buledi mmodzi, nabisana apolisi akamagogoda, nadwazikana, amalumikizana ndi chingwe chenicheni. Apa filimu ija ikunena zoona: mtima wa munthu si mwala woti ungausiye pagombe n'kudzaupeza uli chomwecho patapita zaka 10.

Komabe kumvetsa chifukwa chimene munthu wagwera sikufafaniza ngongole yake. Kuti tione ngongoleyo, tiyeni tiyang'ane panyanja. Asodzi a chilimira akapita usiku kukapha usipa, nyali zawo zimaoneka ndandanda kuchokera kumtunda. Mkazi sangathe kuona nkhope ya mwamuna wake, koma akaona kuwalako amadziwa kuti alipo. Mwera ukawomba bwato n'kugubuduka, mudzi wonse umafunafuna m'magombe. Maliro amachitika, anthu amalira, amameta, ndipo pakapita nthawi akuchimuna amamusudzula mkaziyo kuti aone njira yake. Kwa abale athu Achisilamu, amene ndi ambiri kuno, namfedwa amakhala eda miyezi 4 ndi masiku 10, kenako ndi mfulu. Imfa ndi yowawa, koma ili ndi malire. Mkazi wa mtchona alibe nyali yoti ayang'ane, alibe manda oti alirepo, alibe tsiku lomasulidwa. Si wapabanja, si namfedwa, si mbeta.

Pa ntchito yanga ya m'boma ndakumana nawo amayi otere. Mmodzi adabwera kudzafunsa za mapepala a mwana wake, ndipo pofika pa funso lakuti ali pabanja kapena ayi, adakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kuti, "Bambo, lembani chimene mukuona inuyo, ine sindidziwa." Mwamuna wake adachoka mwanayo ali kumsana, ndipo tsikulo mwanayo adali atayamba sekondale. Zaka ziwiri zoyamba ankaimba foni, kenako nambala idasiya kugwira. Obwera kuchokera ku Joni ankangoti ali bwino, maso ali pansi. Amuna awiri adamufunsira mayiyo m'zaka zimenezo, iye n'kuwakana poopa kuti mwini wake angatulukire mawa. Chimene adaberedwa mayi ameneyu si mwamuna yekha ayi. Adaberedwa zaka zake, ndipo zaka sizigulidwa pamsika.

Apa ndiye pagona yankho langa. Kulakwa kwakukulu kwa mtchona si kukonda wina, koma kukhala chete. Kukonda wina kumathyola lonjezo, ndipo ndi mlandu ndithu. Koma kukhala chete kumamanga munthu wosalakwa ku lonjezo limene mwini wake adalithyola kale. Iye kumeneko wadzimasula, akudya, akubereka, akukalamba ndi womusamala, pamene mnzake wamusiya womangidwa pachikhomo ngati mbuzi imene mwini wake adasamuka. Ufulu umene wadzipatsa yekha akumumana mnzake. Kumeneko ndiko kuba.

Ena adzati kukhala chete ndi chifundo, poti choonadi chingamuphe mkaziyo ndi chisoni. Ine ndikuti chifundo chotere chimatchinjiriza wolakwa, osati wolakwiridwa. Amene akuopa si misozi ya mkazi, koma manyazi ake omwe pamaso pa apongozi ndi ankhoswe. Chilonda chotsukidwa ndi mchere chimawawa tsiku limodzi, chobisidwa m'nsanza chimadya mwendo wonse.

Ena adzati, nanga uja amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi pa Mukuru, ana akuphunzira, nyumba ya malata yamangidwa, walakwanji? Ameneyu waposa mnzake wosowa uja, ndipo udindo wolera ana akuukwaniritsa. Koma ngati ali ndi banja lina kumeneko naubisa, ndalamazo zasanduka malipiro a mlonda. Akulipira mkazi kuti amusungire malo amene mwina sadzabwerako, kuti zikadzamuvuta kuchilendo adzapeze pogwera. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi wovumbwa si mwini mapangawo: ndi amayi awiri, wa kuno ndi wa uko, pakuti nthawi zambiri wa uko naye adauzidwa kuti kumudzi kulibe aliyense. Choonadi chimadzatulukira tsiku limene bokosi lafika pagalimoto kuchokera ku Joni, pambuyo pake pali mayi wachilendo ndi ana olankhula Chizulu. Pamenepo wofunsidwa mafunso wagona chete, monga adachitira moyo wake wonse.

Chodabwitsa n'chakuti njira yomasulirana ilipo, ndipo makolo adaikonza kalekale. Banja la Chichewa limamangidwa ndi ankhoswe, ndipo limamasulidwa ndi ankhoswe. Chisilamu chili ndi talaka. Lamulo la mabanja la 2015 limapatsa makhoti mphamvu yothetsa ukwati umene wafa. Agogo athu a Wenela akadatha kunena kuti sadziwa kulemba, kapena kuti kalata idasowa panjira. Mbadwo wa WhatsApp ulibe pobisala. Mawu ochepa okha kwa nkhoswe, akuti "zanga zasintha, musamudikiritse mwana wa eni," angabwezere munthu moyo wake.

Ndisaiwale kunena kuti muyeso uwu ndi wa onse. Masiku ano amayi nawo akupita ku Joni, ena adapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Oman, ndipo alipo abambo otsala ndi ana akudikira foni. Ngongole ya choonadi siyang'ana kuti wachoka ndani. Komanso tiyenera kuchita manyazi ndi miyeso yathu iwiri. Mwamuna akakwatira kuchilendo timati ndi mwamuna, akadatani. Mkazi wodikira zaka 7 akapezeka ndi pathupi, mudzi wonse umamuloza chala, ndipo oyamba kumunyoza ndi abale a yemwe adamuthawayo, amene ankadziwa zonse nakhala chete.

Nafenso otsala tili ndi gawo lathu pa kutchona kwa abale athu. Sikuti onse osowa ali ndi mabanja ena. Ambiri adangolephera, ndipo akuopa kubwera chimanjamanja. Timayembekeza kuti wochokera ku Joni atsike basi ndi firiji, wailesi yakanema ndi njinga yamoto, ndipo wobwera ndi kachikwama kokha timamuseka pabwalo la bawo. Mwambi uja wakuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, timaunena pakamwa pokha. Mudzi umene ufuna kuti ana ake azinena zoona uyenera kuphunzira kulandira choonadi chosakoma, kaya ndi cha umphawi kaya ndi cha chikondi chimene chatha.

N'chifukwa chake Xiaojun wa m'filimu uja sindimuyesa ngwazi, komanso sindimuika pamodzi ndi matchona athu. Adalakwa pokwatira mtsikana amene mtima wake udali utamuchoka kale, ndipo adachedwa kulankhula. Koma adalankhula. Adaima pamaso pa mkazi wake nanena chimene chidalipo, nasenza manyazi ake. Xiaoting adapwetekedwa, koma adatsala akudziwa pamene waima, ali ndi zaka zake m'manja.

Palibe amene angalonjeze motsimikiza kuti mtima wake sudzasintha akawoloka Limpopo, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Koma pali lonjezo limodzi limene aliyense angathe kulisunga, wolemera kapena wosauka, wa mapepala kapena wopanda mapepala: kuti amene wamusiya kumudzi sadzamusiya mumdima. Wokwera basi pa Nkhotakota mawa alonjeze zimenezo pamaso pa ankhoswe, ndipo ankhoswewo adzamufunse. Chikondi chikatha, ulemu usathere limodzi.