Kodi Nyama ya M'phiri Ndi ya Yani?

Mvula ikakata, udzu nkuuma, anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje amadziŵa chimene chikudza. Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba, usiku timaona mizere ya moto ikukwaŵa kumtunda, cha ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Thuchila. Wina mwa moto umenewu amayatsa ndi alenje, pofuna kuvumbulutsa gwape, chinkhoma, nguluwe kapena mbira za m'matanthwe, kuti agalu azipirikitse poyera. M'maŵa mwake munthu amatsika ndi nyama paphewa, ana kunyumba nkusekerera. Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha mwezi uno ndi ili: kodi nyama imene ilibe khola, ilibenso mbusa, ndi ya aliyense amene wayamba kuilasa?

Tiyambe tamvera mlenje mwini wake, pakuti mlandu sauweruza mbali imodzi. Iye akuti: sindidathyole khola la munthu, sindidabe mbuzi ya mnansi wanga. Ana anga atha miyezi osalaŵa nyama, munda wanga ndi wochepa, ganyu wa ku tiyi ndi wa panthaŵi. Ndiponso makolo athu adali kusaka, nanga ine ndalakwa chiyani? Mau ameneŵa sitingaŵapeputse. Njala si tchimo, ndipo bambo wofunira ana ake ndiwo akuchita udindo wake. Amene amadya nyama ya pabutchala sabata ndi sabata ayambe wadziyesa yekha asanaloze chala mnzake wosauka.

Komabe pamene mlenje watchula makolo, watipatsa poyambira. Nzoona kuti makolo adali kusaka, koma sadali kusaka mwachisawawa. Uzimba udali ndi nyengo yake, anthu atakolola, ndipo mfumu idali kudziŵa. Nyama ikaphedwa idali kugaŵidwa mwa mwambo: wolasa poyamba adali ndi gawo lake, mfumu gawo lake, otsala nawonso sadabwerere chimanjamanja. Mwambo umenewu udali kunena chinthu chachikulu: nyama ya m'tchire si ya munthu mmodzi, koma ya mudzi wonse. Phirinso adali kuliopa. Dzina la nsonga yake yaitali, ya mamita 3,002, ndilo Sapitwa, ndipo Amang'anja, Ayao ndi Alomwe onse adali kukwera phirilo monga alendo oloŵa pakhomo pa eni ake. Ulemu umenewu ndiwo udachititsa kuti m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO liike phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Choncho wonena za makolo atenge zonse ziŵiri, uta wao ndi mwambo wao womwe.

Apa ndipo pagona yankho la funso lathu. Chinthu chopanda mwini mmodzi sichikhala chopanda mwini. Eni ake ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo sadabadwe. Vuto lake nlakuti aliyense amaganiza kuti, ndikaisiya ine, mnzanga aipha maŵa. Onse akaganiza chotero, onse amaluza. Taonani za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984. Wocheka aliyense adali kunena kuti mtengo umodzi sutha nkhalango. Koma kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iŵiri yokha m'phiri monse. Taonaninso za Majete ku Chikwawa: pofika zaka za m'ma 1990 njovu ndi nyama zina zambiri zidatheratu, ndipo bungwe la African Parks litayamba kusamala malowo m'chaka cha 2003, lidachita kutenga nyama kwina pa magalimoto kuti nkhalango ikhalenso ndi moyo. Paja akulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Matenda ameneŵa si athu okha ai. Ku America kudali mtundu wina wa njiŵa zouluka m'magulu aakulu zedi, koma alenje adazipha mpaka yotsiriza idafera m'khola mu mzinda wa Cincinnati m'chaka cha 1914. Agwape a kumeneko nawonso adachepa kwambiri pa nthaŵi yomweyo. Anthu atadzidzimuka adakhazikitsa malamulo, ndipo m'chaka cha 1937 adalamula kuti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzipita ku ntchito yosamala nyama. Lero kumadzulo kwa dzikolo kuli agwape amene amasamuka chaka ndi chaka, kutsika m'mapiri chisanu chikayamba. Ena ku Wyoming amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 240. Mlenje wofuna kuŵatsata ayenera kugula chiphaso, kudikira masiku oikika, kusaka m'dera lokhalo limene chiphasocho chatchula, ndi kupha chiŵerengero chololedwa basi. Ngati ali mlendo m'deralo, ayenera kuyamba wadziŵa malire, poopa kuloŵa m'malo a eni. Sikuti anthu ameneŵa ali ndi mtima wabwino koposa ife. Adaphunzira atataya kale zambiri, ndipo chimene adachipeza ndi chomwe chija makolo athu adali kuchidziŵa: kusaka kopanda malire kumadzidya kokha.

Tingathe tsono kuyesa ulenje uliwonse ndi miyeso itatu: nthaŵi, kuchuluka ndi njira. Za nthaŵi, nyama ya bere kapena yoyamwitsa siyenera kuphedwa, pakuti woipha wapha mibadwo iŵiri ndi muvi umodzi. Buku la Deuteronomo, mutu 22, limaphunzitsa zomwezo pa za mbalame yopezeka pa chisa: make aziloledwa kuthaŵa. Za kuchuluka, pali kusiyana pakati pa munthu wofuna ndiwo za banja lake ndi munthu wosandutsa phiri kukhala sitolo yake. Za njira, khwekhwe la waya silisankha: limagwira yaikazi ndi yaimuna, yaing'ono ndi yaikulu, ndipo nyama imatha masiku ikuvutika mwini msampha asanabwere, mwina nkuwolera pomwepo. Nkhanza yotere imaononga nyamayo, imaumitsanso mtima wa woichita.

Koma njira yoipitsitsa ndi moto. Chifukwa cha gwape mmodzi munthu amatentha udzu, mbande za mkungudza zimene ena adabzala ndi thukuta, zisa za mbalame ndi ming'oma ya njuchi. Nthaka imatsala yambee. M'phiri lomweli ndimo muchokera mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, imene imamwetsa midzi ndi kuthirira minda. Nthaka yovulidwa siisunga madzi: m'dzinja amatsika onse pakamodzi, m'chilimwe mipopi imauma. Anthu a kuno sadaiŵale madzi ndi miyala zimene zidasesa Phalombe m'chaka cha 1991, ngakhale namondwe wa Freddy wa m'chaka cha 2023. Mvula ya masiku amenewo idali yoposa muyeso, ndipo sitingaisenzetse mlenje. Komabe amene adaona phiri likugumuka sayenera kulivula chofunda chake ndi dzanja lake lomwe.

Lamulo la boma lilipo. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1927, ndipo kusakamo popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la za nyama za m'tchire litakonzedwanso m'chaka cha 2017, chilango cha milandu ikuluikulu chidafika zaka 30 za ukaidi. Koma mlonda wa nkhalango sangaime pa thanthwe lililonse. Kumtunda kuja, kumene kulibe diso la munthu, mlenje amatsala yekha ndi mtima wake, ndipo khalidwe la munthu limadziŵika pamene palibe womuona.

Tisaiŵalenso kuti wogula ndiye amanola mkondo. Mai amene agula nyama ya m'phiri mobisa pakhomo, ndi bwana amene aiitanitsa kutauni, onse ali ndi gawo pa moto uja. Ndipo ngati tifuna kuti wosauka aleke kusaka, tiyenera kumthandiza kupeza ndiwo mwa njira ina: kubwereketsana mbuzi m'magulu, kuŵeta akalulu ndi nkhuku, kukumba maiŵe a nsomba, kusunga njuchi. Kuletsa kopanda thandizo kumangobala udani.

Inu makolo, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mukaona mnyamata akutenga machesi ndi agalu kulinga kuphiri, mkhazikeni pansi, mumuuze nyama zimene inu mudaziona muli ana zimene iye sadzaziona. Kenaka mumfunse kuti mwana wake adzapeza chiyani.