Kodi Chombo Chomira ndi Manda?

Ku Cape Agulhas, kunsonga ya kummwera kwa Africa, nsanja ya nyali yotsogolera zombo, yomwe inayamba kuwala mu 1849, ilinso ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Nyali imateteza amoyo. Nanga amene anamira kale m'gombe lomweli, zinthu zawo tizivuule kapena tizisiye?

Mu Disembala 1794, chombo cha São José chinasweka pamiyala ya Clifton, ku Cape Town, chitanyamula akapolo pafupifupi 500 ochokera ku Mozambique. Oposa 200 anamira, opulumuka n'kugulitsidwa. Akatswiri ofukula zakale pansi pa nyanja anavuulapo zitsulo zimene zinkalemeretsa chombocho kuti chisapendame.

Kumanda sitilowako mwachisawawa, ndipo chapamanda sichigulitsidwa. Komabe manda osadziwika salimiridwa. Zitsulo zija zikanakhalabe pansi, imfa ya anthuwa ikanangotsala m'makalata a amene ankawagulitsa.

Choncho kuvuula n'koyenera pokhapokha ngati kukubwezera maliro kwa eni ake, monga zinachitikira mu 2015 pamene dothi la ku Mozambique linathiridwa m'madzi a Clifton. Wovuula kuti apeze phindu akupitiriza malonda a 1794 omwe aja.